Mkono Wanga ndi Msana wa Ababa

Ndikukumbukira bwino tsiku limene anandichotsa chikhakha kumkono kuposa tsiku limene ndinathyoka. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndili mu giredi seveni, tikukhala ku Kabwata mu Lusaka, m'nyumba ya zipinda ziwiri. Za kuthyokako palibe zambiri zoti ndinene, chifukwa zinachitika mwachangu. Ndinakwera pampanda wa njerwa kukatenga mpira umene unatsakamira padenga la oyandikana nawo, njerwa imodzi inagwedezeka, ndipo ndinapezeka ndili pansi nditagwera dzanja lamanja. Ndinamva kaphokoso konga ka nzimbe ikamathyoledwa pabondo. Kuchipatala chachikulu anajambula mkonowo, nanena kuti fupa lathyokera pamwamba pang'ono pa chigongono, ndipo anaumanga chikhakha kuyambira kumunsi kwa phewa mpaka m'zala.

Milungu isanu imene ndinakhala ndi chikhakhacho sinali yoipa konse. Anzanga kusukulu analembapo mayina awo, aphunzitsi anandimasula pa zokopera manotsi, ndipo kunyumba mbale zinkatsukidwa ine nditakhala pansi. Amayi ankandisambitsa, kundiveka ndi kundimanga mpango kumutu ngati mwana wamng'ono. Chokhacho chimene chinkandisautsa chinali kuyabwa kwa mkati, kumene anandiletsa kukanda ndi chilichonse, ndiponso kudya ndi dzanja lamanzere. Kwathu ndife Asilamu, ndipo kuyambira ndili wakhanda anandiphunzitsa kudyera dzanja lamanja. Tsopano ndinkadya ndi sipuni kumanzere, mpunga ukutayikira pamiyendo. Koma ndinkadzitonthoza kuti tsiku lochotsa chikhakha zonse zidzabwerera mwakale.

Tsikulo anandiperekeza ndi Ababa, chifukwa Amayi ankalawirira kumsika wa Soweto kumene ankagulitsa mpunga ndi nyemba. Ababa anali telala. Makolo awo anachokera ku Mangochi kalekale, iwo anabadwira mu Lusaka momwemo, koma kunyumba ankalankhulabe Chinyanja chimene anzanga ankati n'chozama. Ankasokera pakhonde la sitolo ina ku Kamwala, pa makina opalasa ndi mapazi, ndipo kutseka makinawo m'mawa wonse chifukwa cha ine sikunali kanthu kakang'ono.

Adokotala atadula chikhakhacho ndi kasowo kaphokoso, ndinaona mkono umene sindinauzindikire. Unali wowonda, wotuwa, khungu likufunduka, ukununkha ngati sokisi yonyowa. Ndinayesa kuuwongola. Unayenda pang'ono n'kuima. Ndinayesa kuupinda kuti zala zifike pakamwa, koma zinaima patali, pakati pa zala ndi milomo pakanatha kulowa kapu ya tiyi. Ndinayang'ana pachigongono kuti mwina asiyapo chidutswa cha chikhakha. Panalibe kanthu. Chinali chigongono changa chomwe chikukana.

"Ababa, sukuyenda," ndinatero.

Iwo anayang'ana adokotala, ndipo adokotala analemba kakalata kotitumiza ku chipinda cha mafizo, kumene amaphunzitsa ziwalo zovulala kugwiranso ntchito.

Chipindacho chinali chachikulu, cha mazenera ambiri. Munali mipira ikuluikulu, njinga yopalasa osapita kulikonse, ndi zitsulo ziwiri zogwirira zimene bambo wina wachikulire ankaphunzirira kuyenda, mkazi wake akuwerenga mapazi chapansipansi. Amene anatilandira anali mayi wamfupi wa magalasi, dzina lake ba Mutinta. Asanandigwire anatikita manja ake kuti afunde. Kenako anatenga rula ya pulasitiki yopindika pakati ngati chigongono, naiika pamkono wanga, nandiuza kuti ndiwongole mpaka pamene ndingathe, ndipindenso mpaka pamene ndingathe. Manambala awiri amene anawerenga anawalemba m'khadi langa.

Ankalankhula Chinyanja cha m'tauni, mofulumira koma momveka.

"Fupa yapola, iyo isakuvute," anatero. "Manje vamene vili pafupi na fupa vinagona milungu faivi. Tifunika kuviusha pang'ono pang'ono. Ine nizakuona kamozi chabe pa wiki. Masiku yenangu yonse, dokota ndiwe."

Anandisonyeza zoyenera kuchita, ndipo sizinali zambiri. Choyamba kuika nsalu yofunda pachigongono kwa kanthawi, yofunda chabe, osati yotentha. Kenako kugoneka mkono patebulo ndi kuuwongola ndekha mpaka ndimve kukoka, kuwerenga mpaka khumi, n'kupumula. Kupinda chimodzimodzi. Kutembenuza chikhatho, kuyang'anitsa kumwamba kenako pansi. Kufinya sokisi yokulungidwa. Chilichonse kakhumi, katatu patsiku. Anatifotokozeranso kuti kuwawa kuli mitundu iwiri. Kwina kumakhala ngati kukoka, ndipo kumatha ukapumula: kumeneko n'kwa ntchito. Kwina kumabaya ngati singano, kapena kumabwera ndi kutupa ndi dzanzi m'zala: kumeneko usiye, ubwerere kuchipatala. Pomaliza anatembenukira kwa Ababa n'kunena motsindika kuti munthu wina aliyense asakoke mkonowo ndi mphamvu, ndiponso ndisanyamule zolemera pofuna kuuwongola. Anandipatsa pepala la timabokosi kuti ndizichonga ndikamaliza.

Madzulo a tsiku lomwelo ndinayesa. Nditangofika pamene mkono unayamba kukoka, m'mutu mwanga munamveka kaphokoso ka nzimbe kaja. Ndinalira, osati chifukwa ululu unali waukulu, koma chifukwa ndinali ndi chikhulupiriro chonse kuti ndikapitirira pang'ono fupa lithyokanso. Amayi anabwera n'kundifukata.

"Musiyeni mwana, wavutika kale," anauza Ababa. "Achita mawa."

Mawa lake Ababa anapita ku Kamwala, Amayi ku Soweto, ndipo ine ndinatsala ndi pepala lija. Ndinagoneka mkono patebulo, ndinaugwedeza pang'ono pamene sunkawawa, ndipo ndinachonga. Masana ndinangochonga osagoneka n'komwe mkono. Pofika tsiku lachitatu ndinali nditazolowera. Ndinkayenda mkono nditaupanikiza pamimba ngati udakali m'chikhakha, ndipo aliyense wondiona ankandichitira chifundo. Mlungu utatha, ba Mutinta anayeza, anayang'ana m'khadi, nangoti nthawi zina poyambirira pamachedwa, tionenso mlungu wamawa.

Amayi anayamba kuda nkhawa. Mayeso a giredi seveni anali patsogolo, ndipo ine sindinkatha kulemba mizere itatu osatopa. Loweruka lina masana anabwera kudzacheza mnzawo woyandikana nafe, bana Chanda, ndipo anandiyang'ana ndikumwa madzi ndi dzanja lamanzere. Anasimba za mwana wa mlongo wawo ku Emmasdale amene mkono wake unatsala wopindika mpaka anakula. Anati mankhwala ake ndi amodzi: mwana anyamule ndowa ya mchenga m'mawa ndi madzulo, ndipo mwamuna wamphamvu aziukoka mkonowo mpaka ulire. Amayi anali atayamba kale kuyang'ana kumene kunali ndowa pamene Ababa anayankha ali pakhomo.

"Zikomo, bana Chanda, koma kuchipatala anatiletsa zimenezo. Mwanayu akuchita zonse zimene anamuuza. Taonani pepala lake, palibe bokosi ndi limodzi lomwe limene walumpha. Tingodekha."

Anatenga pepalalo pamene ndinkalipachika, naliyendetsa m'manja mwa alendowo monyadira. Ine ndinayang'ana pansi.

Ulendo wachitatu, ba Mutinta anayeza kawiri. Manambala anali omwe aja a tsiku loyamba. Anatenga pepala langa, naliyang'ana nthawi yaitali, kenako anakankhira katebulo patsogolo panga.

"Nionetse mwamene umachitila kunyumba."

Ndinagoneka mkono. Sindinakumbukire ngati chikhatho chimayang'ana kumwamba kapena pansi. Ndinayamba ndi kupinda, ndinasiya, ndinayamba kutembenuza. Amene analankhula anali Ababa, ndipo anangotchula dzina langa, motsitsa mawu.

"Asiyatu."

Akanakalipa, mwina ndikanaumirira bodza langa. Koma mawu otsika amenewo anandithyola mtima. Ndinaulula zonse, misozi ikugwera patebulo, ndipo pomaliza ndinanena chimene ndinali ndisanauzepo munthu: kuti ndimaopa kuti fupa lithyokanso.

Ba Mutinta anatulutsa chithunzi chatsopano cha fupa langa m'envulopu, nanditengera pazenera. Anachiika pagalasi kuti dzuwa liwale kumbuyo kwake. Anandisonyeza pamene panathyoka, ndi kamtambo koyera kamene kanazungulira malowo. Anati limenelo ndi fupa latsopano, thupi langa lomwe linamanga, ndipo mphamvu ya mkono wanga wokha singaliphwanye. Anandigwiritsa chala pachithunzicho. Kenako anandiuza zoona zake mosabisa, koma mosaopseza: chigongono chikakhalitsa chosayenda chimazolowera kuuma, ndipo miyezi ikapita, kuchibweza kumavuta kwambiri. Nthawi inalipobe, koma sinali yoti n'kuseweretsa.

"Sunanamize ine," anatero. "Ine mikono yanga ili bwino. Koma mantha si mulandu. Ukanakamba chabe."

Titati tizipita, Ababa anadzuka pabenchi monga mwa masiku onse: dzanja limodzi pabondo, lina kumsana, nkhope itakwinyika, n'kuima kaye asanaponye phazi. Ife kunyumba tinali titazolowera kuwaona akudzuka choncho, moti sitinkazionanso. Masiku ena pa nthawi ya mapemphero ankaswali atakhala pampando chifukwa kuwerama kunkawavuta. Koma ba Mutinta anali atawayang'ana maulendo atatu.

"Ba tate, imwe musana unayamba liti?"

Ababa anaseka mwamanyazi. "Ndi ukalamba uwu, mayi."

Anali ndi zaka makumi anayi ndi chimodzi. Ba Mutinta anawakhazikanso pansi. Anawafunsa ngati ululu umatsikira m'miyendo, ngati mapazi amachita dzanzi kapena kufooka, ndipo anati zikanakhala choncho akanawatumiza kaye kwa dokotala. Ababa anati ayi, ndi m'chiuno ndi m'khosi basi. Atamva kuti ndi telala, anawafunsa za mpando wawo. Unali kampando kafupi kopanda potsamira, kamene anasiyiridwa ndi bambo awo. Anawafunsa kuti amadzuka kangati. Ababa anaganiza kaye, kenako anavomera kuti akakhala m'mawa amadzuka nthawi ya swala ya masana.

Ba Mutinta anakhala pampando n'kuwatsanzira mmene ankaganizira kuti amakhalira, msana utapindika, khosi litatsogola, mphuno ili pafupi ndi singano. Anafanana nawo kwambiri moti ndinaseka misozi isanaume. Kenako anawalangiza. Apeze mpando wotsamira, wokwera moti chiuno chikhale pamwamba pang'ono pa mawondo. Aike kansalu kokulunga kumunsi kwa msana. Asendeze mpando pafupi ndi makina m'malo mowerama kuwalondola, ndipo makinawo awaike poti kuwala kuzigwera pa singano. Pakatha theka la ola aziimirira, manja m'chiuno, n'kupendekera chambuyo pang'onopang'ono, kutembenuza khosi, kuyenda mpaka kumapeto kwa khonde ndi kubwerera. Ponyamula mpukutu wa nsalu azipinda mawondo, osati msana. Atatha anatenga pepala lina la timabokosi, nalemba dzina la Ababa pamwamba.

"Uyu azachonga yanu, imwe muzachonga yake. Palibe wozichongela yeka."

Pobwerera tinayenda wapansi. Ndinkadikira chilango, ndipo ndinkaganiza kuti chikhala chikwapu. Titadutsa pamsika wa Kabwata, Ababa analankhula osandiyang'ana.

"Ndinakuikira kumbuyo pamaso pa amayi ako ndi pa bana Chanda. Ukawauza wekha zimene unachita. Onse awiri."

Sindinalandirepo chilango chowawa ngati chimenecho. Bana Chanda anangoti ana ndi choncho, nandipatsa chitumbuwa, zimene zinandichititsa manyazi koposa. Amayi anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anati, "Inenso ndinalakwa. Ndinkaona ngati ndikukuthandiza." Mawa lake m'mawa anandiikira makapu atatu m'beseni la madzi ofunda kuti nditsuke, nachoka msanga kuti asaone nkhope yanga. Mpango anandisiya ndimange ndekha, ngakhale unkakhala wopendekeka.

Kuyambira pamenepo tsiku langa linasintha. M'mawa Ababa asananyamuke tinkakhala patebulo, iwo akuwerenga mpaka khumi, ine ndikuwongola. Ndikaweruka kusukulu ndinkapita ku Kamwala. Kumeneko ankanyowetsa kansalu, n'kukafunditsa ndi ayironi yawo ya makala, n'kukayesa kaye padzanja lawo asanakaike pachigongono changa. Mpaka lero fungo la nsalu yonyowa itakhudzidwa ndi ayironi limandikumbutsa khonde limenelo, phokoso la makina, maminibasi akuitanira anthu, ndi fumbi la miyezi yotentha. Ndinkagoneka mkono patebulo lodulira nsalu, pakati pa choko ndi sizasi. Mantha sanathe tsiku limodzi. Koma Ababa ankandifunsa nthawi iliyonse kuti, "Kukukoka kapena kukubaya?" Ndikati kukukoka, ankapitiriza kuwerenga, osafulumira, ngakhale ndikwinye nkhope motani.

Za mpando anazichita mosavuta. Anagula mpando wakale wotsamira ku Soweto, kalipentala wina anaukhomera timatabwa kunsi kwa miyendo kuti ukwere, ndipo iwo anasoka kapilo kakang'ono ka zidutswa za nsalu zotsala. Makina anawatembenuza kuti dzuwa lizichokera m'mbali. Chimene chinawavuta chinali kuimirira kuja. Pakhondepo panali amisiri ena, ndipo tsiku loyamba Ababa ataima manja m'chiuno n'kupendekera chambuyo, wokonza mawotchi amene ankakhala pafupi nawo anafuula mowatchula dzina kuti ba Saidi atsegula jimu, amene akufuna kuchepetsa mimba abwere. Anthu anaseka. Ababa anali munthu wosunga ulemu wake, wovala chisoti choyera ndi malaya ositidwa bwino, ndipo kusekedwa pagulu kunawalowa. Masiku otsatira ndikafika ankangondipatsa pepala lawo n'kunena kuti achita kale m'mawa.

Ndinachonga masiku awiri. Tsiku lachitatu ndinaona akudzuka kukatenga ulusi, dzanja pabondo, lina kumsana, monga kale. Iwo atalowa m'sitolo, ndinafunsa wokonza mawotchi uja ngati jimu ikuyendabe. Anati inatsekedwa tsiku lomwe inatsegulidwa.

Ndinachita zanga zonse, Ababa anachonga pepala langa, kenako anandipatsa lawo. Ndinaligwira osalemba.

"Chonga, mwanawe, tizipitiriza ntchito. Mayunifomu awa akufunika Lachisanu."

"Simunachite, Ababa."

Sindinali nditawatsutsapo chibadwire. Ndinaganiza kuti andiuza kuti mwana salankhula choncho kwa bambo wake. Koma anayang'ana pepala langa limene anali atangochonga kumene, nayang'ananso lawo. Anaika sizasi pansi, anakankha mpando, naimirira pakati pa khonde pamaso pa anthu onse. Anaika manja m'chiuno.

"Werenga," anatero.

Ndinawerenga mokweza mpaka khumi. Wokonza mawotchi anayamba kuseka, koma Ababa anamuuza mofatsa kuti khosi lakenso lapindika ngati ndodo ya ambulera, ndipo malo mu jimu alipo. Patapita milungu ingapo, munthu ameneyo ankaimirira nawo limodzi, akudandaula kuti amukakamiza.

Kuchira kunabwera mochedwa moti sindinkakuona. Mlungu woyamba rula ya ba Mutinta inasuntha pang'ono kwambiri, koma iwo anandisonyeza nambala yakale ndi yatsopano moyandikana, ndipo ndinabwerera kunyumba ngati ndakhoza mayeso. Mlungu wina sinasunthe n'komwe, ngakhale ndinali nditachita zonse mokhulupirika. Ndinakhumudwa, ndinati palibe phindu. Ba Mutinta anati zimachitika, thupi limapumira panjira, ndipo anandisinthira zochita. Anandiuza kuti ndiziyendetsa zala pakhoma ngati kangaude, ndizipukuta tebulo mozungulira, ndiziponya ndi kuwakha kampira kopepuka. Anati ntchito zing'onozing'ono za pakhomo nazonso ndi mafizo, malinga zisakhale zolemera. Anandilangizanso kuti polemba ndizipumula ndisanatope, ndiziwonjezera mizere pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku.

Tsiku lina masana ndili pakhonde la ku Kamwala, Ababa anagula mtedza wokazinga, nathira pang'ono patebulo lodulira nsalu. Ndinali ndikuwerenga buku la sayansi. Ndinatola mtedza, ndinadya, ndinatolanso. Ndinazindikira kuti makina aleka kulira. Nditakweza mutu ndinapeza Ababa akundiyang'ana.

"Ukudya ndi dzanja liti?" anafunsa.

Ndinayang'ana. Buku linali kumanzere. Zala zanga zamanja zinali pamilomo, zili ndi mchere. Ndinatolanso mtedza wina mwadala kuti nditsimikize, ndipo unafika, ngakhale ndinaweramitsa mutu pang'ono kuulandira. Ababa anati, "Alhamdulillah," chapansipansi, napitiriza kusoka. Koma madzulo atafika kunyumba anauza Amayi asanavule n'komwe nsapato. Pa chakudya cha tsikulo sipuni sinaikidwe pambali pa mbale yanga. Amayi anangondiwonjezera nsomba.

Ababa nawo msana sunapole ngati wa mnyamata, koma unasintha. Anasiya kugwira bondo podzuka. Ankabwera kunyumba ali ndi mphamvu zocheza, m'malo mongogona pamphasa. Lachisanu lina atachokera ku mzikiti anatiuza, ngati akunena za nyengo, kuti aswali pamzere ndi anzawo kuyambira poyamba mpaka pomaliza, osafuna mpando.

Mayeso ndinalemba ndi dzanja lamanja, ndipo ndinakhoza. Patapita miyezi itatu ba Mutinta anayeza komaliza nanena kuti sindikufunikanso kubwera. Kupinda kunabwerera konse. Kuwongola kunatsala pang'ono kwambiri, ndipo mpaka lero ndikatambasula mikono yonse iwiri, wamanja sufika pamene wamanzere umafika. Munthu sangazindikire pokhapokha nditamusonyeza. Ndinawafunsa ngati zimenezo zinachitika chifukwa cha milungu iwiri imene ndinanama. Anayankha kuti mwina, mwinanso ndi mmene fupa linathyokera, palibe angadziwe, ndipo si chinthu choti ndizisenza pamtima.

Tsopano ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala ku Chelstone, ndipo ndimagwira ntchito mu ofesi ku Longacres, tsiku lonse pa kompyuta. Ndinaikweza ndi mabuku awiri akale kuti ndisamaweramitse khosi, mapazi anga amaponda pansi bwinobwino, ndipo pakatha theka la ola ndimaimirira, kaya ntchito yachuluka motani. Ababa akusokabe, ngakhale anachepetsa, ndipo amadzuka okha pamphasa popanda wowagwira dzanja.

Zimene ndikumvetsa lero sindikanatha kuzinena ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri. Fupa limadzilumikiza lokha munthu ali mtulo, koma kuti chiwalo chibwerere kuntchito pamafunika mwini wake, ndipo ntchitoyo ndi yotopetsa, yobwerezabwereza, yopanda woiombera m'manja. Ambiri amene amaisiya si aulesi. Ena amaopa monga ndinkaopera ine, ena amachita manyazi monga Ababa, enanso amazunguliridwa ndi anthu owakonda amene amawachitira chilichonse mpaka chiwalocho chimaiwala ntchito yake. Malangizo tonse tinali nawo, olembedwa bwino papepala. Chimene chinatisuntha chinali munthu wokhala pafupi, wowerenga mpaka khumi osafulumira, amenenso ankakana kutichongera zabodza.

Miyezi ingapo yapitayo mnzanga wa mu ofesi, mayi wachikulire kwa ine, anabwerera kuntchito atathyoka dzanja pangozi ya galimoto. Ndinaona mmene ankalibisira pansi pa tebulo, n'kumalemba ndi dzanja limodzi. Sindinamufunse ngati akuchita zimene anamuuza kuchipatala, chifukwa yankho la funso limenelo ndimalidziwa, ndinaliperekapo. Ndinangomufunsa kuti za masana amachita nthawi yanji. Anazengereza, kenako anati amayenera kuchita nthawi ya chakudya, koma mu ofesi mumakhala anthu. Ndinamuuza kuti m'chipinda cha misonkhano simukhala munthu nthawi imeneyo, ndipo madzi ofunda ali m'ketulo. Kuyambira tsikulo timadya mochedwa pang'ono. Iye amagoneka dzanja patebulo, ine ndimawerenga.